9mm kapena .380: iti yoyenera kuteteza pakhomo?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Mangochi: "Ndimachita geni ya usipa, ndipo ndimakhala kufupi ndi pa Boma ndi mayi akunyumba ndi ana anayi. Miyezi iwiri yapitayo achifwamba a zikwanje anathyola kwa aneba athu n'kuwavulaza. Ndayamba kutsatira ndondomeko yopezera chiphaso cha mfuti, ndipo wogulitsa wandionetsa mfuti ziwiri zing'onozing'ono za m'manja, ina ya 9mm ina ya .380. Ine ndimayendayenda ku Limbe ndi ku Lilongwe, mayi amatsala okha ndi ana, ndipo manja awo ndi aang'ono. Nditenge iti?"

Achimwene,

Pepani ndi zimene zinawagwera aneba anuwo. Munthu amene sanagonepo khutu lili panja, n'kumadzidzimuka galu akangouwa, sangamvetse chimene chimafikitsa munthu wamtendere poganiza za mfuti. Ine ndatha zaka zambiri ndikuphunzitsa alonda ndi eni mfuti kagwiridwe, kaomberedwe ndi kasamalidwe kake, ndipo funso lanuli ndalimva kambirimbiri. Mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba, paja safunsa anadya phula.

Yankho ndikupatseni poyambirira pomwe. Ya pakhomo tengani 9mm. Koma isakhale kamfuti kolowa m'thumba la shati ayi. Ikhale ya msinkhu wapakati, yodzaza dzanja, yoti zala zitatu za m'munsi zonse zikupeza pogwira. Chimene chingandisinthitse maganizo ndi chimodzi chokha, manja a alamu, ndipo tifikapo. Ndingokuchenjezeranitu kuti zimene ambiri amakhulupirira pa nkhani ya manja aang'ono ndi mfuti yaing'ono n'zozondoka.

Maina a zipolopolo ziwirizi asokoneza anthu ambiri, ndiye tiyambe tawalongosola. Zonse ziwiri mutu wake ndi wofanana kunenepa, mamilimita 9. Kusiyana kuli pa khoko losunga wonga ndi pa kulemera kwa mutuwo. Chimene timangoti 9mm dzina lake lonse ndi 9mm Luger, ena amalemba 9mm Parabellum kapena 9x19. Anachikonza Georg Luger ku Germany kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo khoko lake ndi lotalika mamilimita 19. Cha .380 ACP anachikonza John Browning wa ku America, chinatuluka mu 1908, ndipo khoko lake ndi mamilimita 17. Kuno kummwera kwa Africa ambiri sachitchula .380 n'komwe, amati 9mm Short, ndipo pa mabokosi ochokera ku Ulaya mupeza atalemba 9mm Kurz, 9mm Corto kapena 9x17. Palinso chachitatu, 9x18 cha Makarov cha ku Russia, chimene sichigwirizana ndi ziwiri zonsezi. Choncho munthu akakuuzani kuti "iyi ndi naini", musakhutire pompo. Werengani zimene zadindidwa pa chitsulo cha mfutiyo, muwerengenso kunsi kwa khoko la chipolopolo. Cha 9mm Short chimalowa mu mfuti ya 9mm Luger poti n'chachifupi, ndipo nthawi zina chimalira ndithu, koma kawirikawiri mfutiyo imakakamira pomwepo, osalavula khoko, osalowetsa china. Ndinaonapo mkulu wina amene anasunga bokosi lolakwika chaka chathunthu osadziwa, chifukwa anali asanayesepo n'kamodzi komwe.

Mwina mukuti mamilimita awiri okha n'chiyani. Nkhani yagona pa wonga. Muyezo wa opanga zipolopolo a ku America umalola mphamvu ya kuphulika kwa wonga wa 9mm kufika 35,000 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu imeneyi), pamene .380 imalekezera pa 21,500 psi. Mutu wa 9mm nthawi zambiri umalemera magalamu 7.5 kapena 8 ndipo umatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 350 pa sekondi. Wa .380 umalemera magalamu 6 ndi pang'ono, liwiro lake mamita pafupifupi 290. Mukaphatikiza kulemera ndi liwiro, mphamvu ya 9mm imatsala pang'ono kuwirikiza kawiri ya .380.

Mphamvu imeneyi ntchito yake si kumukankha munthu n'kumugwetsa chagada monga zimaonekera m'mafilimu. Chipolopolo cha mfuti ya m'manja chimaimitsa chigawenga pa njira ziwiri basi: kapena chafika pamalo ofunika m'thupi, kapena mwini wakeyo wachita mantha n'kuliyatsa liwiro. Apolisi a FBI ku America anaphunzira zimenezi ndi magazi. Mu April 1986 ku Miami anawomberana ndi achifwamba awiri, ndipo anzawo awiri anafera pomwepo, ena asanu n'kuvulala. Mmodzi wa achifwambawo anali atalasidwa kale ndi chipolopolo cha 9mm chimene chinadutsa pa mkono n'kulowa m'chifuwa, koma chinaima chitatsala pang'ono kufika pa mtima, iye n'kupitiriza kuwombera. Zitachitika zimenezi FBI inaika muyezo woti chipolopolo chizilowa mainchesi 12 mpaka 18, kapena kuti masentimita 30 mpaka 46, mu phala lolimba loyesera limene amalipanga mofanana ndi mnofu. Inasiya 9mm n'kupita ku zipolopolo zikuluzikulu, koma patapita zaka pafupifupi 30 inabwereranso ku 9mm yomweyo, poona kuti mitu ya masiku ano ikukwanitsa muyezowo ndipo apolisi ake amalasa nayo bwino kuposa zikuluzikuluzo.

Apa ndi pamene .380 imapelewera. Pali mitu ya mitundu iwiri. Wina ndi wobulungira, wokutidwa ndi chitsulo, umene pa bokosi amalemba FMJ. Wina ndi wa dzenje kutsogolo, amati hollow point, umene umatambasuka ukalowa m'thupi kuti usapyole. Wa 9mm uli ndi mphamvu yokwanira kutambasuka n'kulowabe mokwanira. Wa .380 kawirikawiri umakwanitsa chimodzi: ukatambasuka sulowa kwambiri, ukalowa kwambiri ndiye kuti sunatambasuke. Komabe musandimve molakwa. Mfuti ya .380 si chidole, yapha anthu osawerengeka kuyambira 1908, ndipo wachifwamba akamva kulira kwake m'nyumba safunsa kuti ndi ya mamilimita angati. Kusiyana kulipo, koma si kwakukulu monga amakukometsera ogulitsa. Chimene chimandikokera ku 9mm kwenikweni ndi zinthu zina ziwiri, ndipo choyamba ndi manja a alamu aja.

Amuna ambiri akafuna kugulira akazi awo mfuti amasankha yaing'ono kwambiri, yopepuka, yooneka bwino. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Inu ndinu a kunyanja, mukudziwa kuti mwera ukawomba, chimene chimagwedezeka kwambiri ndi bwato laling'ono, pamene boti lalikulu la injini limangodula mafunde. Mfuti nayo n'chimodzimodzi. Wonga ukaphulika umakankha mutu kutsogolo n'kukankha mfuti kumbuyo, ndipo mfuti ikakhala yopepuka, kukankhako kumathera m'dzanja la wowombera. Kamfuti ka .380 ngati Ruger LCP kamalemera magalamu pafupifupi 270, kamatenga zipolopolo 6 mu magazini (kabokosi kolongamo zipolopolo), ndipo chala chakanise chimangolendewera poti palibe pogwira. Glock 19, imene ndi 9mm ya msinkhu wapakati, imalemera magalamu oposa 600 isanaikidwe zipolopolo, imatenga 15, ndipo chogwirira chake chimadzaza dzanja. Ngakhale chipolopolo chake ndi champhamvu, anthu ambiri ongoyamba kumene amaiwombera mosavuta kuposa kamfuti kaja.

Pali chinanso chimene wogulitsa mwina sanakuuzeni. Mfuti zambiri za .380, makamaka zakale monga Walther PPK, CZ 83 ndi Beretta 84, mpope wake ndi womangika, susuntha. Chimene chimagwira chitsulo chapamwamba chokoka polowetsa chipolopolo, chimene amati slide, kuti chisatseguke msanga powombera ndi kulemera kwake ndi sipuling'i yolimba kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti slide imakhala yovuta kukoka, ndipo mfutiyo imamenya dzanja mokhadzula. Pafupifupi mfuti zonse za 9mm, mpope ndi slide zimakolana kwa kanthawi kochepa n'kubwerera m'mbuyo limodzi, choncho kukankhako kumafika mofewerapo. Mukhoza kuzindikira nokha m'sitolo momwemo. Wogulitsa achotse magazini, atsimikize kuti mulibe chipolopolo, akokere slide kumbuyo n'kuikoletsa. Gwirani mpope. Ukamagwedera pang'ono ndiye ndi ya mtundu wofewa uja. Ukakhala nganganga, ndi ya sipuling'i yolimba.

Ndikumbukira mayi wina amene anabwera ndi amuna awo m'mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo. Anawagulira kamfuti ka .380 konyezimira. Mayiwo anagwira slide ndi nsonga za zala ziwiri, thukuta lili kamukamu, zala n'kumangoterereka. Anayesa katatu, kachinayi amuna awo n'kuwakokera. Atawombera kasanu, pakati pa chala chamanthu ndi chamkombaphala panali patafiira, ndipo ndinaona kuti ayamba kutsinzina ndi kugwetsa mfuti pansi isanalire n'komwe. Zipolopolo zinkangofukula dothi patsogolo pa chandamale. Anaika mfutiyo pa tebulo n'kunena motsitsa mawu kuti izi si za iwo. Ndinawapatsa 9mm yokulirapo. Ndinawaonetsa kuti asamakoke slide ndi zala, koma aifumbate ndi chikhatho chonse pafupi ndi chifuwa, mpope utaloza kopanda anthu, n'kukankha mfutiyo kutsogolo ndi dzanja lamanja. Inatseguka ulendo woyamba womwewo. Pofika madzulo ankalasa pepala lalikulu ngati mbale ya nsima ali pa mamita 7. Manja amene amathyakula nsima ya banja lonse tsiku ndi tsiku ndi kutukula ndowa yodzaza madzi si ofooka. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi wowaonetsa kagwiridwe.

Tsono pali pamene ndingakuuzeni kuti tengani .380. Ngati alamu ali ndi nyamakazi, kapena anavulalapo dzanja, kapena ayesa 9mm mokwanira ataphunzitsidwa bwino koma ikuwakanikabe, pezani .380 ya mtundu wofewa uja, yokulirapo ndithu. Glock 42 ndi ya mtundu wofewawo, ndipo ngakhale ndi yaing'ono, imaposa Ruger LCP ija kukula. A kampani ya Smith & Wesson anapanganso ina yotchedwa Shield EZ, imene anaikonzera dala anthu ovutika kukoka slide. Mfuti imene munthu amalasa nayo ndi yabwino kuposa yamphamvu imene amaiopa. Koma zimenezi aweruze ndi manja a alamu eni ake, osati maso anu kapena pakamwa pa wogulitsa. Kumbukiraninso kuti timfuti ting'onoting'onoti anatipangira munthu wofuna kuyenda nako tsiku lonse katabisika m'chiuno. Yanu izikhala m'bokosi kuchipinda. Kulemera kwake sikukuvutitsani, ndiye palibe chifukwa chotayira ubwino wa yokulirapo.

Chachiwiri ndi kupezeka kwa zipolopolo, ndipo kuno kwathu chimenechi n'chachikulu. 9mm Luger ndi chipolopolo cha mfuti za m'manja chofala kuposa china chilichonse padziko. Ndi chimene asilikali a mayiko a NATO, mgwirizano wa zachitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi America, amagwiritsa ntchito, apolisi a mayiko ambiri chimodzimodzi, ndipo chimapangidwa pafupi pompano ku South Africa. Cha .380 chimapangidwa chochepa, n'chifukwa chake ngakhale ndi chaching'ono nthawi zambiri mtengo wake umaposa wa 9mm. Inu ndinu wa geni, mukudziwa mmene katundu wakunja amasowera ndalama zakunja zikavuta, ndipo woyamba kusowa amakhala wosafunidwa ndi ambiri. Musangomva zoti "tikhoza kuitanitsa". Muuzeni wogulitsayo akuonetseni mabokosi amene ali nawo lero a mitundu yonse iwiri, akuuzeni mtengo, ndi kuti omaliza anabwera liti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndikulimbikira pa zipolopolo chifukwa mfuti yosayeserera ndi chitsulo chabe. Yatsopano imafunika kuiwombera zipolopolo 100 kapena kuposerapo kuti mudziwe ngati siikakamira ndi mtundu umene mwagulawo. Kenako inu ndi alamu muziyeserera kangapo pa chaka, chifukwa dzanja limaiwala. Zipolopolo zikakhala zosowa ndi zodula, mudzaziumira, ndipo tsiku la tsokalo mudzagwira mfuti ngati mlendo. Koyeserera funsani apolisi akuuzeni malo ovomerezeka. Kuseri kwa nyumba ayi, kumunda ayi, ndipo kunyanja kapena ku Shire ndiye musayerekeze, chifukwa chipolopolo chikamenya madzi chopendekeka chimanjanja ngati mwala woponyedwa n'kupita kumene simunalozeko, kumene kuli asodzi ndi amayi ochapa.

Tsopano ndikuuzeni mbali imene 9mm ikufuna kusamala kwambiri. Mutu wobulungira wa 9mm ukhoza kupyola munthu n'kupitirira uli ndi mphamvu yopha wina. Ngati a dzenje kutsogolo akupezeka movomerezeka, a pakhomo akhale amenewo, obulungira akhale oyeserera. Khoma la njerwa zootcha lopaka pulasitala kawirikawiri limaimitsa chipolopolo cha mfuti ya m'manja, ndipo pamenepa nyumba zathu zimatithandiza. Koma chitseko cha plywood, zenera, siling'i, malata, mpanda wa udzu kapena wa bango, zonsezi chimangodutsa, kaya ndi 9mm kaya ndi .380. Mabuloko a simenti a mphako nawonso musawadalire. Tsiku lina masana, muli chimanjamanja, imani pakhomo la chipinda chanu chogona n'kuyang'ana mbali zonse zimene mungaloze mfuti. Kuseri kwa chitseko cha pabalaza kuli chiyani? Ana amagona mbali iti, ndipo mitu yawo imaloza kuti? Mlonda amakhala pati usiku? Zenera la kukhitchini likuyang'anizana ndi nyumba ya yani? Mudzapeza kuti mbali zina n'zosawombereka zivute zitani, ndipo ndi bwino kuzidziwa dzuwa likuwala. Mwina pafunika kusuntha bedi la ana. Zowombera m'mwamba poopseza nazo ndimaletsa. Chokwera chimatsika, ndipo malo ngati anuwo nyumba n'zothithikana.

Chinthu chimene chimandisowetsa tulo ndikamaphunzitsa anthu si kukula kwa chipolopolo. Ndi munthu wowombera mthunzi. Mangochi usiku sagona. Asodzi amatsika ndi usipa m'bandakucha, anthu amalawirira ku mzikiti kusanache, m'mwezi wa Ramadan makomo ambiri amadzuka usiku kukonza chakudya, ndipo mbale wochokera ku Makanjira kapena ku Namwera akhoza kufika pakati pa usiku galimoto itamufera pa njira. Ine ndemwe zinandichitikira. Usiku wina magetsi atazima ndinamva munthu akugwedeza chitseko cha kuseri, osayankhula. Mtima unali phaphapha, mfuti ili m'dzanja. Ndinaima pambali pa khoma, chala chili kunja kwa kachitsulo kowombera, n'kufuula kuti ndani. Kunali zii. Nditawalitsa tochi pa zenera ndinaona nkhope ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga, atanyamula kachikwama. Anali atathawa mkangano kwawo ndipo ankachita manyazi kuyankha. Mpaka lero ndikamuona ndi ana ake ndimakumbukira usiku umenewo. Choncho pambali pa mfuti pazikhala tochi yowala kwambiri, yotchajidwa nthawi zonse. Simuwombera chitseko, simuwombera phokoso, simuwombera chimene simunachione nkhope ndi chimene chili m'manja mwake. Ana okulirapo auzeni kuti akachedwa kunja aziimba foni kapena kuitana ndi mawu asanagwire chitseko.

Achifwamba akabweradi, ntchito yanu si kutuluka kukawasaka pabwalo. Kunja kuli mdima, iwo ali angapo, ndipo akudziwa pamene mutulukire. Sonkhanitsani banja m'chipinda chimodzi cha chitseko cholimba, khomani, imbirani apolisi ndi a chitetezo cha m'dera, imbani wenzulo, kuwani kuti aneba amve, ndipo auzeni akubawo mokweza kuti muli ndi mfuti. Mfuti ndi ya pamene athyola chitseko chomalizacho. Dziwaninso kuti ikalira m'chipinda chotseka makutu amagontha kwa kanthawi ndipo kuwala kwake kumathobwa m'maso, zonse ziwiri 9mm ndi .380, ndiye musadzadabwe.

Lamulo nalo limayang'ana pomwepo. Limalola munthu kudziteteza ndi kuteteza a pabanja pake, koma mphamvu imene wagwiritsa ntchito iyenera kulingana ndi choopsa chimene anakumana nacho. Munthu amene akukudzerani ndi chikwanje m'chipinda ndi nkhani ina. Amene akuthawa ndi thumba la usipa kapena wailesi, inu n'kumuwombera kumsana, ndi mlandu wakupha umene udzakutengerani ku khoti ngakhale chiphaso chili m'thumba. Katundu amagulidwanso.

Mwachita bwino kuyamba ndi chiphaso. Mfuti m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la 1967, ndipo kaundula wake ali m'manja mwa apolisi, ku likulu lawo ku Area 30 ku Lilongwe. Chiphaso chimafunika kuchikonzanso chaka ndi chaka, ndipo zipolopolo nazo sizigulidwa popanda chilolezo. Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: chiphaso chimalembedwa dzina la munthu ndi nambala ya mfuti, si cha banja lonse. Popeza cholinga chanu n'chakuti alamu azitetezeka inu mukachoka, kafotokozeni zimenezi ku polisi ya Mangochi musanagule, akuuzeni njira yoti nawonso akhale ovomerezeka. Ngati amene amagona pakhomo masiku ambiri ndi iwo, mwina chiphasocho chiyenera kukhala chawo. Ndipo poti tili kufupi ndi malire a Chiponde, adzapezeka wokunong'onezani kuti ali ndi yotchipa yopanda mapepala. Kuyambira nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, mfuti zoterezi zakhala zikuzungulira m'madera a m'malire. Simudziwa kuti inapha yani, ndipo ikapezeka m'nyumba mwanu ndende ndi yanu.

Walira mvula walira matope, achimwene. Mukalowetsa mfuti m'nyumba ya ana anayi, mwalowetsanso choopsa chimene chizikhalamo usana ndi usiku, pamene akuba mwina sadzabwera n'komwe. Ana amadziwa pobisika ponse. Pansi pa pilo, pamwamba pa wadirobu, m'sutikesi ya zovala, monsemo anafikamo kale. Musanabweretse mfuti, yambani mwagula bokosi lachitsulo lokhoma, mulimangirire ku khoma ndi mabawuti, kiyi azikhala pathupi panu kapena pa alamu, osati pa msomali. Ndinenenso chimene ambiri amachita nacho manyazi. Ngati pakhomo pamakhala mikangano yofika pogwirana, ngati wina amamwa mpaka kuiwala, ngati geni ikagwa ndi ngongole zikapanikiza mumafika poganiza zoti bola kufa, kapena mwana wanu wachinyamata akuoneka wosweka mtima, mfuti isakhale m'nyumbamo. Maganizo oterewa amabwera n'kupita, koma pakakhala mfuti pafupi sapereka mpata woti munthu abwerere. Zikafika potero kaisungitseni ku polisi ndipo kambani ndi wina amene mumamukhulupirira. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Mdani wina wa kunyanja ndi dzimbiri. Chinyezi cha kuno ndi thukuta la m'manja zimadya chitsulo mwakachetechete. Mkulu wina anandibweretsera mfuti imene anaikulunga m'chitenje n'kuisunga zaka ziwiri osaitsegula. Nsaluyo inali itamwa chinyezi, slide inali itagwirana, ndipo sipuling'i ya mu magazini inatuluka yofiira ngati dothi la katondo. Zaka ziwiri zonsezo ankagona mtima uli m'malo poganiza kuti ali ndi chitetezo. Kamodzi pa mwezi muziitulutsa, kutsimikiza kuti mulibe chipolopolo, kuipukuta ndi kansalu ka mafuta a mfuti pang'ono, ndi kuyang'ana m'mpope. Zipolopolo zokha musazipake mafuta, amalowerera n'kupha wonga. M'bokosimo ikanimo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'makatoni a nsapato ndi a mankhwala, ndipo zipolopolo zokhalitsa muzizimalizira koyeserera n'kuikamo zatsopano. Pa nkhani ya dzimbiri mfuti za masiku ano za thupi la pulasitiki yolimba zimapirira kuposa zakale zachitsulo chokhachokha, ndipo zambiri mwa izo ndi za 9mm.

Musaiwalenso chimene chimaitana akuba. Anthu amaona kuti mwabwera ku Limbe mutagulitsa, ndipo amawerengera kuti ndalama yagona m'nyumba. Iziyenda pa foni kapena ku banki, ndipo anyamata okuthandizani pa geni azidziwa kuti simusunga kanthu pakhomo. Zitsulo za pazenera, chitseko cholimba chokhala ndi mpiringidzo, nyale za sola panja ndi galu zimagwira ntchito usiku uliwonse, ngakhale inu muli pa ulendo. Za mfutiyo musalengeze. Ikadziwika, iyonso imasanduka katundu wofunidwa.

Mukamabwerera kwa wogulitsa uja mupite ndi alamu. Agwire mfuti iliyonse yopanda chipolopolo ndi manja awiri, muone ngati chala chamkombaphala chikufika bwino pa kachitsulo kowombera popanda kupotoza dzanja. Akoke slide kasanu motsatizana mmene ndafotokozera muja, aikoletse kumbuyo, achotse magazini ndi kuibwezera, ayesenso kulonga zipolopolo zabodza zopanda wonga mu magazini, chifukwa pamenepo ndi pamene zala zambiri zimakanika. Ngati 9mm imene anakuonetsaniyo ndi yaing'ono zedi, yofanana msinkhu ndi ya .380 ija, musaitenge, poti imeneyo ndiye imamenya dzanja kuposa zonse. Mufunseni akupezereni ya mpope wa masentimita pafupifupi 10, ya msinkhu wa Glock 19 kapena CZ 75 Compact, ndipo mugule magazini yachiwiri tsiku lomwelo.